Tebulo lilibe kanthu koma disk yadzaza: mafunso ndi mayankho

Amene amasamalira database, kaya ndi ya chipatala, ya sukulu kapena ya sitolo, tsiku lina amakumana ndi zozunguza mutu: seva ikuchenjeza kuti malo atsala pang'ono kutha, akafufuza apeza kuti tebulo limodzi ladya ma GB makumi angapo, koma akawerenga mizere yake yankho likubwera 0. Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa makina ambiri amene timadalira amayenda pa ma database omwewa. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsira malipoti, imakhala pa PostgreSQL. OpenMRS, yosungira kaundula wa odwala, imakhala pa MySQL. Mafoni a Android amasunga zambiri mu SQLite. Disk ikadzaza database imasiya kulemba, ntchito yonse n'kuima, ndipo ndi pa nthawi yothina ngati imeneyi pamene munthu amachotsa chinthu chosayenera kuchotsedwa. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri.

Ndawerenga mizere, yankho ndi 0, koma tebulolo likuonetsa 40 GB. Kodi database yawonongeka?

Nthawi zambiri ayi. Mukalemba `SELECT COUNT(*)`, database imawerenga mizere yokhayo imene inuyo mukuloledwa kuona pa nthawi imeneyo. Kukula kwa fayilo kumachokera kwina: ndi kuchuluka kwa masamba amene tebulolo linatenga pa disk chipangidwireni. Database imadula fayilo yake m'masamba ofanana kukula, 8 KB mu PostgreSQL ndi SQL Server, 16 KB mu InnoDB ya MySQL, 4 KB mu SQLite ya masiku ano. Tsamba likangotengedwa limakhala la tebulolo, kaya muli mizere kaya mulibe.

Choncho pali zinthu zinayi zimene zingakhale zikuchitika. Mwina mizere ilipo, kungoti inu simukuiona. Mwina inachotsedwa koma ikadali m'masamba chifukwa sinasesedwe. Mwina inasesedwa ndithu, koma masamba opanda kanthuwo sanabwezedwe ku disk. Kapenanso malowo akudyedwa ndi zina zoyenda limodzi ndi tebulolo, monga ma index. Chilichonse mwa zinayizi chili ndi mankhwala akeake, ndipo mankhwala a chachitatu mukawapereka pa choyamba mutaya deta ya anthu. Ntchito yanu yoyamba ndi kudziwa kuti mwakumana ndi chiti.

Kodi DELETE imachita chiyani kwenikweni, ngati siichotsa?

Taganizirani buku la ngongole la pa golosale. Munthu akabweza ngongole, mwini golosale amakhwatcha dzina lake, sang'amba tsamba. Onse atabweza, m'bukumo mulibe ngongole ngakhale imodzi, koma masamba ake ndi omwe aja, ndipo likudyabe malo omwe aja pa shelefu.

Mu PostgreSQL, DELETE imangolemba pa mutu wa mzerewo nambala ya transaction imene yauchotsa. Mzerewo umatsala pomwepo, wathunthu, mpaka wosesa wotchedwa VACUUM atadutsa, ndipo umatchedwa mzere wakufa. UPDATE nayonso siisintha mzere pamalo pake: imalemba mzere watsopano, wakalewo n'kuusiya wakufa. InnoDB imaika chizindikiro pa mzere wochotsedwa, zakale n'kuzisunga mu undo log, kenako ntchito yotchedwa purge imabwera m'mbuyo kudzasesa. SQL Server imasiya zimene imazitcha ghost records mpaka wosesa wake atadutsa.

Pali njira inanso imene ambiri saiganizira. Tiyerekeze kuti mukulowetsa mizere 5 miliyoni kuchokera mu fayilo ya CSV mu transaction imodzi, ndiye pa mzere womaliza papezeka deti lolembedwa molakwika. Database ikana zonse, ibweza ntchito yonseyo. Palibe munthu anaonapo mzere ngakhale umodzi m'tebulolo, koma masamba onse anali atatengedwa kale ndipo atsalira. Mukayesanso katatu musanakonze detilo, mu PostgreSQL fayiloyo ikhoza kukula katatu.

Bwanji database osangobweza malowo nthawi yomweyo?

Chifukwa choyamba ndi choti simuli nokha m'databasemo. Wina anayamba kutulutsa lipoti la mwezi 8 koloko, inu n'kuchotsa mizere patapita mphindi zisanu. Lipoti lakelo liyenera kumalizika ndi chithunzi cha deta monga inalili pamene ankayamba, apo ayi theka la lipotilo likhala la dzulo, theka la lero. Kuti wowerenga asadikire wolemba ndipo wolemba asadikire wowerenga, database imasunga mzere wakale mpaka onse amene angaufune atamaliza. Njira imeneyi imatchedwa MVCC.

Chachiwiri ndi mmene fayilo ilili. Fayilo imafupikitsidwa poidula kumapeto. Masamba opanda kanthu akakhala pakati, kuti atayidwe pafunika kusamutsa mizere yonse ya kumapeto, n'kukonzanso index iliyonse imene imaloza mizereyo. Ndi ntchito yolemetsa, yosayenera kuchitika pa DELETE iliyonse.

Chachitatu, tebulo limene linafikapo 10 GB nthawi zambiri limadzafikanso. Database imasunga masamba opanda kanthuwo kuti mizere ya mawa ilowe momwemo popanda kupemphanso malo. Amene anakonza ma database anachita izi mwadala, ndipo pa ntchito zambiri zimathandiza.

Ndingatsimikize bwanji kuti tebulolo lilibedi kanthu?

Funso ili musalilumphe, chifukwa zonse zotsatira zikudalira yankho lake.

Yambani ndi akaunti imene mwalowera. Kuyambira mu PostgreSQL 9.5, ya chaka cha 2016, tebulo likhoza kukhala ndi chitetezo cha mzere ndi mzere, chotchedwa row level security. Chikayatsidwa popanda lamulo lokulolani inuyo, database siikuuzani kuti mwaletsedwa. Imangokupatsani mizere 0. Lowaninso ngati superuser muwerenge kachiwiri. SQL Server ndi Oracle nazonso zili ndi chitetezo chofanana nacho.

Kenako onani ngati mukuwerenga tebulo lomwe mukuliyezalo. Matebulo awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi m'ma schema awiri, ndipo mukalemba dzina lokha, database imasankha limene yayamba kulipeza. Lembani dzina lonse, schema ndi tebulo pamodzi. Onaninso ngati simukuwerenga view, kapena kudalira zimene pulogalamu ikuonetsa pa sikirini. Mapulogalamu ambiri sachotsa n'komwe: amangoika chizindikiro pa mzere kuti wafafanizidwa, n'kusiya kuuonetsa. OpenMRS imachita zimenezi ndi chizindikiro cha voided.

Chachitatu, mwina wina akulowetsa deta panopa ndipo sanafike pa COMMIT. Fayilo ikukula mukuona, koma mizereyo ioneka iye akamaliza.

Chomaliza, musakhulupirire nambala ya mizere imene phpMyAdmin kapena pgAdmin imaonetsa pambali pa dzina la tebulo. Nthawi zambiri imakhala yongoyerekeza, yotengedwa m'ziwerengero zakale. Werengani nokha ndi COUNT.

Ndatsimikiza kuti mulibe. Ndiyeza bwanji kuti ndidziwe chimene chikudya malo?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu PostgreSQL, pa tebulo lotchedwa mauthenga, funsani manambala atatu nthawi imodzi:

`SELECT pg_size_pretty(pg_relation_size('mauthenga')), pg_size_pretty(pg_indexes_size('mauthenga')), pg_size_pretty(pg_total_relation_size('mauthenga'));`

Yoyamba ndi thupi la tebulo, yachiwiri ndi ma index ake onse, yachitatu ndi zonse pamodzi. Yachitatu ikaposa kwambiri ziwiri zoyambazo mutaziphatikiza, malowo ali mu TOAST, katebulo kobisika kumene PostgreSQL imasungira zinthu zikuluzikulu, monga zithunzi ndi zolemba zazitali, mzere ukapitirira pafupifupi 2 KB. Kenako tsegulani pg_stat_user_tables muone n_live_tup, n_dead_tup ndi last_autovacuum. Mizere yakufa ikakhala mamiliyoni, vuto ndi kusesa. Ikakhala yochepa koma fayilo ili yaikulu, vuto ndi masamba opanda kanthu. Chowonjezera chotchedwa pgstattuple chimapereka yankho lenileni, koma chimawerenga tebulo lonse, ndiye chiyendetseni anthu ataweruka.

Mu MySQL onani DATA_LENGTH, INDEX_LENGTH ndi DATA_FREE mu information_schema.TABLES. Dziwani kuti MySQL 8.0 imatha kusunga manambalawa kwa maola 24 osawatsitsimutsa, choncho yambani mwalemba ANALYZE TABLE, kenako muyerekeze ndi kukula kwa fayilo ya .ibd mu /var/lib/mysql. Mu SQL Server, sp_spaceused imagawa malo m'magulu: osungidwa, a deta, a index ndi osagwiritsidwa ntchito. Mu SQLite, PRAGMA page_count ndi PRAGMA freelist_count zikuuzani masamba onse ndi masamba opanda kanthu. Manambala awiriwa akayandikana, fayilo yonseyo ndi mphako chabe.

Chizindikiro china simufunika chida kuti muchione: COUNT imene ikutenga mphindi yathunthu n'kubwera ndi 0. Database ikutsegula tsamba lililonse, kufufuza mzere wamoyo umene kulibe.

Ndayendetsa VACUUM mu PostgreSQL, koma palibe chasintha. Chavuta n'chiyani?

Lembani `VACUUM VERBOSE mauthenga;` ndipo muwerenge zimene ikuuzeni. Ikanena kuti yapeza mizere yakufa imene siingachotsedwe panopa, ndiye kuti pali amene wagwira nthawi yakale, ndipo VACUUM siingasese chilichonse chimene chinafa iyeyo atayamba kale.

Wogwirayo kawirikawiri amakhala munthu. Lachisanu madzulo wina anatsegula pgAdmin, analemba BEGIN, anasintha mzere umodzi, foni inalira, n'kunyamuka osalemba COMMIT. Kompyuta yake yatsala yoyaka mu ofesi mpaka Lolemba. Masiku onsewo autovacuum, VACUUM yoyenda yokha, ikudutsa pa tebulo lililonse koma ikubwerera chimanjamanja, pomwe tebulo la mauthenga likulandira ndi kuchotsa mizere usana ndi usiku. Mu pg_stat_activity munthu wotereyu amaoneka ndi mawu akuti idle in transaction, ndipo xact_start imaonetsa tsiku limene anayamba. Mukhoza kumudula ndi pg_terminate_backend, koma yambani mwamufunsa, chifukwa zimene anasinthazo zibwerera mwakale. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imachitanso zomwezi. Mukapanda kupeza munthu, onani pg_replication_slots, mwina pali seva yachiwiri imene inazimitsidwa kalekale koma malo ake akadali osungidwa, ndiponso pg_prepared_xacts.

VACUUM ikanena kuti yasesa zonse koma fayilo osachepa, nkhani ndi ya kumapeto kwa fayilo. Mizere 10 miliyoni ya mabayiti 200 uliwonse imadzaza ma GB awiri ndi pang'ono, ndipo PostgreSQL imaigawa m'mafayilo a 1 GB. Mwachotsa yonse kupatula itatu yolowa posachedwa. Itatuyo ili pa tsamba lomaliza la fayilo yomaliza. VACUUM wamba imabweza ku disk masamba opanda kanthu a kumapeto okha, ndiye mizere itatuyo yatsekereza ma GB awiri onse.

Ma index nawonso ali ndi khalidwe lawo. VACUUM imasesa m'kati mwa index ya B-tree kuti masamba ake agwirenso ntchito, koma fayilo ya indexyo siichepa. Tebulo likhoza kutsika mpaka ma KB ochepa, index yake ili pa 900 MB. Mankhwala ake ndi REINDEX, ndipo kuyambira mu PostgreSQL 12 pali REINDEX CONCURRENTLY, imene imamanganso index anthu akugwirabe ntchito.

Ine ndili pa MySQL, ndipo fayilo yotchedwa ibdata1 ndi imene yakula. Nditani nayo?

Choyamba, musaichotse. M'fayilo imeneyo InnoDB imasungamo zinthu zake zofunika, ndipo pa seva zakale mumakhalanso deta ya matebulo onse.

Zimene mungachite zikudalira kumene tebulo lanu limakhala. Kuyambira mu MySQL 5.6, innodb_file_per_table imabwera yoyatsa, kutanthauza kuti tebulo lililonse lili ndi fayilo yakeyake ya .ibd. Zikakhala choncho, OPTIMIZE TABLE imalemba tebulolo mwatsopano, fayilo yakale n'kutayidwa, malo n'kubwerera. Uthenga umene imatulutsa woti tebulolo silingachite optimize usakuopseni. Ukungonena kuti ikulimanganso m'malo mwake, ndipo ndi zimene mukufunazo.

Koma tebulo likakhala m'kati mwa ibdata1, malo ake akamasuka amamasukira m'fayilo momwemo. Matebulo ena akhoza kuwagwiritsa ntchito, koma ibdata1 siichepa. Chizindikiro chake ndi choti DATA_FREE imaonetsa nambala imodzimodzi pa matebulo ambiri. Mukayatsa innodb_file_per_table n'kumanganso matebulo, amatuluka kupita m'mafayilo awo, koma ibdata1 imatsala momwe inalili, ndiye disk imadzaza kuposa poyamba. Njira yokhayo yoichepetsera ndi kutulutsa deta yonse ndi mysqldump, kuyesa kuti backupyo ikubwezeka pa makina ena, kuyambitsa MySQL yatsopano, n'kulowetsanso zonse.

Onaninso `SHOW ENGINE INNODB STATUS` pa mzere wa History list length. Nambala imeneyo ikafika mamiliyoni n'kumakwerabe, purge yatsekeredwa ndi transaction yakale, ngati mmene zimakhalira ndi VACUUM.

Nanga SQL Server, Oracle ndi SQLite?

Mu SQL Server, vutoli limakonda matebulo opanda clustered index, otchedwa heap. DELETE wamba pa heap imatha kusiya masamba opanda kanthu ali m'manja mwa tebulolo, matebulo ena osawagwiritsa ntchito. Kuchotsa ndi TABLOCK, kulemba ALTER TABLE ndi REBUILD, kapena kulipatsa tebulolo clustered index kumawamasula. Akamasuka amabwerera m'fayilo ya .mdf, osati ku disk. Kuti fayiloyo ichepe pafunika DBCC SHRINKFILE, imene imamwaza ma index, choncho si ya mlungu ndi mlungu.

Oracle imakumbukira malire a pamwamba pamene deta inafikapo, otchedwa high water mark. DELETE siitsitsa malirewo, ndipo kuwerenga tebulo lonse kumafika mpaka pamenepo. ALTER TABLE ndi SHRINK SPACE imawatsitsa mukayamba mwalola row movement. Kuyambira mu Oracle 10g, ngakhale DROP TABLE siichotseratu: tebulolo limapita mu recyclebin ndi dzina loyamba ndi BIN$, ndipo limasungabe malo mpaka mutalemba PURGE kapena malowo atafunidwa ndi zina.

SQLite imaika masamba omasuka pa mndandanda wotchedwa freelist. VACUUM yake imalemba database yonse mwatsopano, ndipo ingafune malo ofika kawiri kukula kwa fayiloyo. Onaninso fayilo ya pambali yothera ndi -wal, imene imakula wowerenga wina akakhalitsa osamaliza.

Bwanji osangolemba TRUNCATE, poti tebulolo lilibe kanthu?

Ngati mwatsimikizadi, TRUNCATE ndiye njira yachidule komanso yabwino. Siiyenda mzere ndi mzere. Imataya masamba onse pamodzi ndi a ma index, ndipo mu PostgreSQL ndi mu MySQL ya fayilo pa tebulo lililonse malo amabwerera ku disk pomwepo.

Koma ili ndi ukali wake. TRUNCATE ya PostgreSQL siiyang'ana row level security: mizere imene inabisika kwa inu ija imapita yonse. Ichi ndi chifukwa chake funso lachinayi lija si lolumpha. Mu MySQL ndi Oracle, TRUNCATE siibwezeka ndi ROLLBACK. Mu PostgreSQL ndi SQL Server imabwezeka mukaiyendetsa m'kati mwa transaction. Ma trigger a DELETE sayenda, ndiye ngati pali tebulo losunga mbiri ya zochotsedwa, silidziwa kanthu. Mu MySQL nambala ya AUTO_INCREMENT imayambiranso pa chiyambi, zimene zingasokoneze ngati manambala akalewo analembedwa pa malisiti kapena m'makina ena.

Tebulo lina likamaloza lanuli ndi foreign key, TRUNCATE imakana. PostgreSQL imakuuzani kuti mukhoza kuwonjezera CASCADE. Dekhani pamenepo. CASCADE imakhuthula matebulo onse oloza lanuli, ngakhale odzaza ndi deta ya zaka khumi.

Tebulo lili ndi mizere yochepa yofunika, sindingalikhuthule. Ndibweza bwanji malo?

Njira zake zonse ndi imodzi: kukopera mizere yamoyo m'fayilo yatsopano, yakale n'kuitaya. Mu PostgreSQL ndi VACUUM FULL, mu MySQL ndi OPTIMIZE TABLE. Musanayambe dziwani zinthu zinayi.

Pafunika malo a fayilo yatsopanoyo, chifukwa yakale imachotsedwa pomaliza. Tebulo likakhala pafupifupi lopanda kanthu, malo ofunikawo ndi ochepa. Disk ikakhala yothina, yambani ndi matebulo ang'onoang'ono kuti akupatseni mpata wa aakulu.

VACUUM FULL imatseka tebulo kotheratu, palibe wowerenga kapena wolemba mpaka itatha. Choopsa china ndi choti ikamadikira lipoti lalitali kuti limalize, aliyense wobwera pambuyo pake amaima pa mzere, ndipo pulogalamu yonse imaoneka ngati yafa ntchitoyo isanayambe n'komwe. Sankhani nthawi ya usiku, ndipo auzeni anzanu. Pamene kutseka n'kosatheka, pg_repack imagwira ntchito yomweyo n'kutseka kwa kanthawi kochepa koyambirira ndi komaliza, bola tebulolo likhale ndi primary key kapena unique index pa column ya NOT NULL. Pa MySQL pali pt-online-schema-change ya Percona ndi gh-ost ya GitHub.

Transaction yakale ija ikakhala ikadalipo, VACUUM FULL imakopera mizere yakufayo m'fayilo yatsopano, mwatseka tebulo pachabe. Thanani nayo kaye.

Pomaliza, magetsi. Seva ikazima ntchitoyi ili pakati, deta yanu imapulumuka, koma fayilo yatsopano yosamalizikayo ikhoza kutsala pa disk popanda tebulo loidziwa. Mu MySQL mafayilo otere amayamba ndi #sql. Onani kuti UPS ili bwino ndipo backup ya lero ilipo.

Matebulo onse ndi aang'ono tsopano, koma disk ikadali yodzaza. Malo apita kuti?

Apita m'zolemba zimene database imasunga pa kusintha kulikonse. Kuchotsa nakonso ndi kusintha, choncho DELETE ya mizere mamiliyoni imadya malo ena owonjezera isanamasule ngakhale tsamba limodzi. Ambiri amadabwa kuona disk ikudzaza msanga pamene iwo akuchotsa.

Mu PostgreSQL yang'anani foda ya pg_wal, mmene muli mafayilo a 16 MB. Amaunjikana archive_command ikamalephera, kapena replication slot ikasiyidwa popanda woigwiritsa ntchito. Konzani cholepheracho kapena chotsani slotyo kudzera mu database, mafayilowo achepa okha. Kuyambira mu PostgreSQL 13, max_slot_wal_keep_size imaika malire. Foda ya pg_wal kale inkatchedwa pg_xlog, ndipo inasinthidwa dzina mu PostgreSQL 10, chaka cha 2017, chifukwa anthu ankaichotsa poganiza kuti ndi malipoti wamba, database n'kuwonongeka.

MySQL 8.0 imabwera ndi binary log yoyatsa ndipo imasunga mafayilo ake masiku 30. Achotseni ndi PURGE BINARY LOGS mutatsimikiza kuti seva yachiwiri inawalandira. Fayilo ya ibtmp1 imakula ndi matebulo a kanthawi, ndipo imayambanso yaing'ono MySQL ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Mu SQL Server, fayilo ya .ldf imakula kosalekeza database ikakhala pa full recovery koma log yake osatengedwa backup. Log_reuse_wait_desc mu sys.databases imanena chimene chikuigwira.

Pa Linux, df ikanena kuti disk yadzaza koma du osapeza mafayilo okwanira, pali fayilo imene inachotsedwa pulogalamu ikadaigwira. Lamulo la `lsof +L1` likuonetsani. Ndipo pa zonsezi gwirani mfundo imodzi: m'foda ya database musachotse fayilo ndi manja. Database yokha ndiyo ikudziwa fayilo imene ingatayidwe, ndipo ili ndi lamulo lotayira iliyonse.

Kodi malo opanda kanthuwa ndiyenera kuwabweza nthawi zonse?

Ayi. Tebulo la mauthenga odikira kutumizidwa limadzaza m'mawa n'kukhuthuka madzulo. Mukalipeza usiku lili ndi mizere 0 ndi 500 MB, palibe chalakwika. Mawa malowo agwiranso ntchito. Mukalifinya usiku uliwonse, m'mawa uliwonse lizipemphanso malo omwewo, ndipo mwangoitopetsa disk.

Yezani kukula kwake mlungu ndi mlungu, muzilemba. Likakhazikika pa nambala imodzi, lisiyeni. Likamakwera mizere yamoyo isakukwera, pali chotsekereza kusesa, ndipo chimenecho ndicho chofunika kukonza. Kufinya kokha kungokupatsani milungu ingapo. Kulembanso tebulo n'koyenera pamene mwachotsa deta yambiri imene siidzabweranso, pamene disk yatsala pang'ono kudzaza, kapena pamene kuwerenga masamba opanda kanthu kwayamba kuchedwetsa anthu.

Ndipewa bwanji kuti zisachitikenso?

Autovacuum musaizimitse, ngakhale ikuoneka ngati ikulemetsa seva. Mwachibadwa imayamba kusesa mizere yakufa ikapitirira 50 kuphatikizapo 20 peresenti ya tebulo. Pa tebulo la mizere 10 miliyoni, ndiye kuti imadikira mpaka yakufa ifike 2 miliyoni. Matebulo aakulu ndi otanganidwa apatseni malire awoawo potsitsa autovacuum_vacuum_scale_factor, mwachitsanzo kufika pa 0.01. Ikaninso idle_in_transaction_session_timeout, imene ilipo kuyambira mu PostgreSQL 9.6, kuti woiwala COMMIT azidulidwa yekha pakapita nthawi imene mwasankha.

Deta yakale muziichotsa pang'onopang'ono, mizere zikwi zingapo nthawi imodzi, COMMIT pakatipakati, kuti wosesa azipeza mpata ndipo malo omasukawo azilandira mizere yatsopano. Matebulo amene amakula ndi nthawi, monga a log, agaweni mwezi ndi mwezi ndi partitioning, imene PostgreSQL inaiphweketsa kuyambira mu 10 ndipo MySQL ili nayo kuyambira kale. Mwezi ukatha ntchito mumangotaya gawo lake lonse, malo n'kubwerera pomwepo popanda mzere wakufa. Deta yochokera kunja muziyamba mwailowetsa m'tebulo longodutsira, kuiyesa mmenemo, kenako n'kulikhuthula ndi TRUNCATE.

Ikani chenjezo loti lizilira disk ikafika pa 70 kapena 80 peresenti, chifukwa njira zambiri zokonzera zimafuna malo, ndipo pa 99 peresenti mumakhala mulibe pogwira. Tsiku limene chenjezolo lidzalire, tsatani ndondomeko yake: tengani backup, werengani mizere ndi akaunti yoona zonse, yezani tebulo, ma index ndi ma log padera, fufuzani transaction yakale, ndipo pokhapokha mutadziwa chimene chadya malo m'pamene musankhe pakati pa TRUNCATE, kulembanso tebulo, ndi kulisiya momwe lilili.